Kutsatsa malonda ndi mkwiyo wa anthu: amalipira ndani?

Mu Novembala 2011, patangotha mwezi umodzi Muammar Gaddafi ataphedwa ku Libya, kampani yogulitsa nkhuku zootcha ya Nando's ku South Africa inatulutsa kanema wotsatsa malonda amene anthu sanamuiwale mpaka lero. Munthu wofanana ndi Robert Mugabe wayala tebulo la phwando, akuika timapepala ta mayina a alendo, koma alendowo kulibe. Kenaka akukumbuka masiku okoma: akuthirana madzi ndi Gaddafi, akusewera pamchenga ndi Saddam Hussein, akuimba ndi Mao, akukankha P.W. Botha pa katungwe, akuyenda pa kasinja ndi Idi Amin. Onsewo anatsikira kulichete, iye watsala yekha. Uthenga wake unali woti pa nyengo ya zikondwerero munthu asamadye yekha, ndiye agule chakudya chokwanira anthu 6.

Kanemayo anawanda pa intaneti, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kunena zoona anali wanzeru. Koma sanakhalitse pa wailesi za kanema. Ku Harare gulu la achinyamata otsatira chipani cha ZANU-PF, lotchedwa Chipangano, linalusa n'kuuza anthu kuti anyanyale Nando's. Kampani ya Innscor, imene inkayendetsa malo odyera a Nando's ku Zimbabwe, inafulumira kunena kuti siinafunsidwe n'komwe. Posakhalitsa Nando's inamuchotsa kanemayo, ponena kuti mabwana, antchito ndi makasitomala ake ku Zimbabwe akuopsezedwa.

Amene analemba nthabwalayo anali ku Johannesburg, kumene kuseka Mugabe sikunali mlandu. Amene anagona ndi mantha anali mtsikana wolandira ndalama pa kauntala, mnyamata wotembenuza nkhuku pamoto ndi mlonda wa pakhomo, m'dziko limene kunyoza mtsogoleri kunkamangitsa. Palibe amene anawafunsa ngati ali okonzeka kulimba mtima m'malo mwa kampani. Ndicho chimene chimandivuta pa njira yotsatsa malonda poutsa mkwiyo dala. Phindu limapita kwa amene anaganiza nkhaniyo, koma chowawa chake chimagwera munthu amene sanali m'chipinda momwe ankagwirizana.

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni yamakono ndi kabandulo wasanduka katswiri wa zotsatsa. Amafika kwa mwini shopu, kwa mwini lesitilanti, kwa woimba amene nyimbo yake ikukanika kugwira msewu, n'kumuuza kuti: bwana, zaulemuzi anthu amangozidutsa, tiyeni tipange kanthu koti ayambane. Akatukwana zili bwino, bola dzina likumveka. Ndiye timaona oimba awiri akutukwanizana pa Facebook, sabata yotsatira nyimbo yawo yatuluka. Timaona sewero lonyoza mtundu wina wa anthu, kumapeto kwake nambala ya foni yogulirapo nsapato. Timaona mayi wogulitsa tomato akuchitidwa chipongwe pamsika, kamera itabisidwa, kuti anthu aseke kudabwa kwake.

Chikanakhala chapafupi kungoyankha kuti njirayi siigwira ntchito, koma limenelo ndi bodza, ndipo mwini bizinesi amene waona mnzake akutchuka nayo sangakumvereni. Imagwira, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Mu 2012 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Pennsylvania, Jonah Berger ndi Katherine Milkman, anaunika nkhani pafupifupi 7,000 za m'nyuzipepala ya New York Times kuti aone zimene anthu ankatumizirana kwambiri. Anapeza kuti nkhani yoimitsa mtima m'mwamba, kaya ndi yogometsa, yokwiyitsa kapena yochititsa nkhawa, imayenda msanga. Yongomvetsa chisoni imafooketsa munthu ndipo saitumiza. Munthu wokwiya sakhala phee, amafuna mnzake aone chimene chamukwiyitsa.

Eni masamba a mchezo anachidziwa ichi n'kuchiika m'makina awo. Zikalata zam'kati mwa Facebook zimene Frances Haugen, amene ankagwira ntchito kumeneko, anaulula mu 2021 zinasonyeza kuti kuyambira 2017, dongosolo la kompyuta losankha zoti zioneke pafoni panu linkawerengera kankhope kalikonse, kuphatikizapo kolusa kaja, kasanu kuposa like wamba. Akatswiri a kampaniyo anadzazindikira okha kuti zinthu zolandira tinkhope tolusa tambiri kawirikawiri zinkakhala zabodza kapena zachipongwe, ndipo mu 2020 anasiya kukawerengera kankhope kolusako. Komabe mpaka pano ndemanga ndi ndemanga basi. Makina saona kusiyana pakati pa munthu amene walemba kuti "zabwino zedi" ndi amene walemba kuti "manyazi mulibe". Onse awiri aima pa kanemayo, choncho amukankhira kwa ena.

Palinso kafukufuku wina amene alangizi a njirayi amamukonda. Mu 2010 Berger yemweyo, pamodzi ndi Alan Sorensen ndi Scott Rasmussen, anaona zimene zimachitikira buku likanyozedwa mu New York Times. Mabuku a alembi odziwika kale malonda ake ankatsika ndi 15 peresenti. A alembi osadziwika ankakwera ndi 45 peresenti. Munthu amene sadziwika alibe mbiri yoti ataye, ndipo pakapita nthawi anthu amakumbuka dzina lake n'kuiwala kuti analimva likunyozedwa. Yesero la wamalonda wamng'ono ndi lenileni ndithu.

Chitsanzo chimene aliyense amathamangira kutchula ndi cha Nike. Mu Seputembala 2018 kampaniyi inaika patsogolo pa kanema wake wotsatsa malonda Colin Kaepernick, wosewera mpira wa ku America amene mu 2016 anayamba kugwada nyimbo ya fuko ikamaimbidwa, podandaula za nkhanza za apolisi kwa anthu akuda. Ena anatentha nsapato zawo za Nike n'kujambula motowo. Masheya a kampaniyo anatsika ndi pafupifupi 3 peresenti tsiku loyamba, koma mwezi usanathe anakwera kufika pamene anali asanafikepo. Kampani ya Edison Trends inapeza kuti malonda a Nike a pa intaneti anakwera ndi 31 peresenti m'masiku amenewo, ndipo chaka chotsatira kanemayo analandira mphoto ya Emmy.

Otengera Nike amaona moto wa nsapato n'kuganiza kuti chinsinsi chake ndi motowo. Amaiwala kuti Nike siinapeke mkangano. Mkanganowo unalipo kale kwa zaka ziwiri, unali wa zinthu zenizeni, za anthu ofa m'manja mwa apolisi, ndipo kampaniyo inangosankha mbali itawerenga bwino kuti ogula ake ambiri, achinyamata a m'mizinda, aima kuti. Chachikulu n'chakuti munthu amene nkhope yake inali pa kanemayo anali wamkulu, wodziwa chimene akuchita, wolipidwa, ndipo mtengo wa maganizo ake anali ataulipira kale yekha: chichokereni ku timu ya San Francisco 49ers kumayambiriro a 2017, palibe timu ina imene inamulemba ntchito. Nike inakolola m'munda umene Kaepernick analima ndi ntchito yake. Munthu angathe kutsutsa ngakhale zimenezo, koma mwini nkhopeyo anavomera akudziwa zonse.

Pepsi inayesa zofanana mu Epulo 2017 popanda kumvetsa chilichonse. Inajambula Kendall Jenner, mtsikana wotchuka wa ku America, akulowa m'zionetsero zopanda mutu, n'kupatsa wapolisi chitini cha chakumwa, khamu lonse n'kusangalala. Bernice King, mwana wa Martin Luther King Jr., anaika chithunzi cha bambo ake akukankhidwa ndi apolisi, n'kulemba kuti akanangodziwa mphamvu ya Pepsi. Kanemayo anachotsedwa patangopita tsiku limodzi. Pepsi sinkafuna kukwiyitsa aliyense, ndipo apa m'pamene pali phunziro kwa alangizi athu aja. Ngati kampani ya ndalama zankhaninkhani, yokhala ndi akatswiri ochuluka, ingalephere kudziwa kumene mkwiyo wa anthu ulowere, mnyamata wa foni imodzi amene akulonjeza kuti autsa mkwiyo "pang'ono chabe" akulonjeza chimene sangachilamule.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Vuto la malonda amtunduwu n'lakuti wolira mvula amakhala pakhonde, matope n'kuthimbirira wina.

Taonani amene amaoneka m'makanemawa. Mu Okutobala 2017 kampani ya sopo ya Dove inaika pa Facebook kakanema ka masekondi owerengeka: mkazi wakuda akuvula malaya, pansi pake n'kutuluka mzungu. Panali mkazi wachitatu wotsatira, koma zithunzi zimene zinawanda zinali za awiri oyambawo, ndipo anthu anakumbuka zotsatsa zakale zimene zinkati sopo amayeretsa munthu wakuda. Dove inapepesa n'kupitiriza kugulitsa sopo. Lola Ogunyemi, mkazi wakuda uja, wa makolo a ku Nigeria, analemba m'nyuzipepala ya The Guardian kuti munthu akafufuza pa Google za kutsatsa kwa tsankho, chithunzi choyamba kutuluka chinali nkhope yake.

Chaka chotsatira, mu Novembala 2018, kampani ya zovala ya ku Italy ya Dolce & Gabbana inatulutsa timakanema ta mtsikana wa ku China akuvutika kudya pizza ndi spaghetti pogwiritsa ntchito timitengo todyera, mawu a mwamuna akumulangiza monyoza. Anthu a ku China analusa. Chionetsero chachikulu cha zovala chimene chimayenera kuchitika ku Shanghai chinalephereka, ndipo misika ikuluikulu ya pa intaneti ya dzikolo inachotsa katundu wa kampaniyo. Apa eni ake anamvako kuwawa, mpaka Domenico Dolce ndi Stefano Gabbana anajambulitsa kanema wopepesa. Koma iwo anatsala ndi misika ya maiko ena onse. Mtsikana uja, Zuo Ye, analemba mu Januwale 2019 kuti ntchito yake inatsala pang'ono kutheratu, kuti iye, abale ake ndi womuyang'anira pantchito ankanyozedwa ndi kuopsezedwa, ndipo panalibe womuthandiza.

Taonaninso amene amaima m'sitolo. Ku South Africa zachitika kawiri m'zaka zitatu, ngakhale kuti kumeneko zinayamba ndi zithunzi osati makanema. Mu Januwale 2018 otsatira chipani cha EFF anasakaza masitolo a H&M chifukwa cha chithunzi cha mwana wakuda atavala juzi yolembedwa mawu omutcha nyani. Mu Seputembala 2020 zinagwera masitolo a Clicks chifukwa cha zotsatsa za mankhwala a tsitsi a TRESemmé zimene zinatcha tsitsi la mkazi wakuda louma ndi lowonongeka, la mzungu n'kulitcha labwinobwino. Masitolo ena anaphwanyidwa. Amene anathawira kuseri kwa mashelefu tsiku limenelo anali antchito a malipiro ochepa, ambiri a iwo akuda, a tsitsi lomwelo limene linanyozedwa. Ananyozedwa ndi kampani yawo, kenaka n'kuopsezedwa ndi amene ankati akuwamenyera nkhondo.

Ndipo pali woonera amene kanemayo wamulasa pabala. Mu Epulo 2013 panatuluka kanema wa galimoto ya Hyundai ix35 wosonyeza bambo akufuna kudzipha m'galaja koma n'kulephera chifukwa galimotoyo siitulutsa utsi wakupha. Inali nthabwala, ati. Holly Brockwell, amene ntchito yake inali yolemba zotsatsa ku London, analembera kampaniyo kalata yapoyera yofotokoza kuti bambo ake anafa m'njira yomweyo iye ali mwana, ndipo anaikapo kalata imene bambowo anasiya. Hyundai inapepesa n'kunena kuti kanemayo anapangidwa ndi kampani yake yotsatsa ya Innocean popanda chilolezo. Yankho limeneli mudzalimva kawirikawiri. Zikayenda bwino nzeru ndi za bwana, zikavuta wolakwa ndi amene anatumidwa.

Ife kuno sitifunika kuphunzira izi kuchokera kutali, chifukwa ana athu enieni anagulitsidwapo. Mu 2016 kampani ina ya ku China inatsatsa sopo wochapira wa Qiaobi ndi kanema wa mwamuna wakuda akulowetsedwa m'makina ochapira n'kutuluka Mtchaina woyera. Dziko linalankhula, kampaniyo inapepesa kwinaku ikudandaula kuti atolankhani akunja akukulitsa nkhani. Tinaona ngati zakutali. Koma nthawi yomweyo kunali kukula msika wina wa makanema a ana a mu Africa atanyamula bolodi, akuvina ndi kubwereza mawu a Chitchaina. Munthu ku China ankaitanitsa kanema wofunira mnzake zabwino pa tsiku lobadwa, wamalonda ankaitanitsa wotsatsa katundu wake, pa mtengo wofika madola 70 a ku America.

Mu Febuluwale 2020 pa tsamba lina la mchezo la ku China panatuluka kanema wa ana akufuula mosangalala mawu amene sankawamva, odzitcha zilombo zakuda zopanda nzeru. Atolankhani a BBC Africa Eye, Runako Celina ndi Henry Mhango, anamutsata kanemayo mpaka ku Njewa, kufupi ndi mzinda wa Lilongwe, kumene anapeza mzika ya China, Lu Ke, wodziwika m'mudzimo kuti Susu, amene ankajambula ana makanema otere. Makolo ena ankaganiza kuti ana awo akuphunzitsidwa chilankhulo. Nkhaniyo itaululika mu Juni 2022, Lu Ke anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata n'kubwezedwa. Mu Julayi 2023 khoti ku Lilongwe linamupeza wolakwa n'kumulamula kukhala m'ndende miyezi 12, imene anali atakhala kale podikira mlandu, ndipo anauzidwa kuti atuluke m'dziko muno.

Wina anena kuti uyu anali chigawenga, sitingamufanizire ndi mwini shopu amene akungofuna makasitomala. Zoona, kukula kwa mlandu n'kosiyana kwambiri. Koma kaganizidwe kake ndi kamodzi. Munthu wapeza kuti ulemu wa mnzake ungasanduke ndalama, ndipo wasankha mnzake amene sangathe kukana kapena amene sakumvetsa chimene chikuchitika. Tinakwiya kwambiri ndi Susu chifukwa anali mlendo. Mkwiyo womwewo sindiuona tikamatumizirana kanema wa munthu wodwala misala akuvinitsidwa pa depoti atapatsidwa K500, kapena wa gogo akufunsidwa mafunso a Chingerezi kuti alakwitse anthu aseke, pansi pake pali chizindikiro cha kampani imene yathandiza ndi ndalama. M'dziko limene anthu achialubino akhala akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda kuyambira cha m'ma 2014, nthabwala ya khungu la munthu siithera pafoni. Amene akunyozedwayo amakwera minibasi imodzi ndi amene aseka.

Nanga cholinga chikakhala chabwino? Funsoli n'lofunika kuliyankha mwachilungamo. Pa 2 Febuluwale 2024 tsamba la Instagram la Poonam Pandey, wazisudzo wa ku India, linalengeza kuti wamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero ali ndi zaka 32. Nyuzipepala zinalemba, anthu analira. M'mawa mwake anatulukira pa kanema ali moyo, n'kunena kuti ankafuna anthu akambe za matendawa. Kampani ya Schbang, imene inakonza nawo zimenezi, inapepesa koma inadzitchinjiriza kuti anthu ochuluka anafufuza za khansayi pa Google.

Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse, choncho wina angakopeke kuti tiyese zomwezo. Ine ndikuti ayi, ndipo chifukwa changa si ulemu wa maliro wokha, ngakhale kuti kwathu kuno kusewera ndi uthenga wa maliro ndi chinthu chachikulu. Chiyambireni katemera wa HPV, woteteza ku khansayi, kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ntchito yovuta ya alangizi a zaumoyo m'midzi ndi yotsimikizira makolo kuti zimene akuuzidwa n'zoona, pakati pa mphekesera zoti katemera amatseka chiberekero. Chuma chokha chimene mlangizi wa zaumoyo ali nacho ndi kukhulupiriridwa. Wonama m'dzina la matendawa amatapa m'nkhokwe imeneyo. Iye amapeza omutsatira atsopano, koma namwino ndi amene adzakumane ndi kholo lonena kuti anthu inu mumanama.

Sindikufuna kuti zotsatsa zonse zikhale zozizira, za mayi akumwetulira atanyamula paketi ya sopo. Pali mkangano woyenera kuuputa. Mu 2012 Nando's yomwe ija inatulutsa kanema wina wokhudza kudana ndi obwera. Mawu akuti alendo nonse bwererani kwanu, ndipo anthu akuzimiririka mu utsi gulu ndi gulu: ochokera m'maiko ena a mu Africa, Amwenye, Matchaina, azungu, mpaka Azulu ndi Asotho omwe, kutsala munthu mmodzi wa mtundu wa Khoisan amene akuti iye sapita kulikonse chifukwa onsewo anamupeza. SABC, DStv ndi e.tv anakana kumuonetsa, ndipo kukanako kunangotumiza anthu ku YouTube. Panali patangopita zaka zinayi chichitikireni zipolowe za 2008 zimene zinapha anthu 62, ndipo patapita zaka zitatu boma la Malawi linadzatumiza mabasi kukatenga anthu ake othawa zipolowe za ku Durban. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa kuti nkhaniyi si yoseketsa, koma kanemayo ankaseka wozunza, osati wozunzidwa, ndipo ankanena zoona zimene andale ambiri ankazizemba. Kampani yogulitsa nkhuku ikapezapo phindu pa zimenezo, ndilibe nayo mlandu.

N'chifukwa chake sindiika chikhulupiriro changa pa kuletsa. Mabungwe oletsa amalephera kusiyanitsa kanema woluma wamphamvu ndi woponda wofooka, ndipo chiletso chenichenicho chimasanduka mbali ya malonda. Pali makampani amene amajambula kanema akudziwa bwino kuti akanidwa, kuti adzalembe pamwamba pake kuti "woletsedwa". Kupepesa nakonso ena amakukonzeratu: kanema Lolemba, mkwiyo Lachiwiri, kalata yopepesa Lachitatu, dzina likumveka sabata yonse osalipira wailesi. Malamulo ali ndi ntchito yake pamene pali bodza, pamene pali ana, pamene pali kujambula munthu osamupempha. Koma zambiri zimatsalira m'manja mwa mwini bizinesi.

Kwa mwini bizinesi wa kuno ndikufuna ndinene za ndalama, chifukwa ndi chilankhulo chimene alangizi aja amagwiritsa ntchito. Kafukufuku wa mabuku uja amanena za katundu wogulidwa kamodzi ndi mlendo amene sadzakumana ndi wolemba, amene waiwala kuti dzinalo analimva bwanji. Malonda athu sali choncho. Butchala ya ku Ndirande, saluni ya ku Area 25, shopu ya zipangizo za galimoto ku Mzuzu zimadalira anthu omwewo kubwera mwezi ndi mwezi, anthu amene amadziwa mwini wake, mkazi wake ndi mpingo umene amapemphera. Anthu amenewa saiwala. Ndipo mwa anthu zikwizikwi amene aonera kanema wanu, ambiri ali ku Cape Town, ku Lusaka kapena ku Leeds, ena ndi ana asukulu opanda ndalama. Sangagule nyama kwa inu. Amene angagule ndi ochepa a m'dera lanu, ndipo ngati mwanyoza mtundu wa anthu kapena chipembedzo kuti kanema ayende, ena mwa ochepawo ndi amene mwawanyoza. Mlangizi adzakusonyezani chiwerengero cha oonera chifukwa ndicho chokha chimene angasonyeze. Mufunseni za ndalama zolowa m'kabati patatha miyezi itatu.

Pali chinanso chimene oimba ndi azisudzo athu ayenera kuchiganizira. Mkwiyo umazolowereka. Chimene chinadabwitsa anthu chaka chatha lero sichiwaimitsa, ndiye pamafunika chokulirapo. Woimba amene watchuka ndi mkangano amapeza kuti nyimbo yotuluka popanda mkangano anthu saimvera, chifukwa amene anamutsatira anabwerera ndewu. Makampani amafoni, mabanki ndi mabungwe amene amalipira bwino pofuna nkhope yowaimira amayang'ana mbiri yonse ya munthu, ndipo zimene zinaikidwa pa intaneti sizifufutika ngakhale mwini wake atazichotsa.

Nafenso oonera tili m'kati. Munthu akatumiza kanema m'gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la abale ndi mawu akuti "taonani zonyansazi", wagwira ganyu ya kampaniyo kwaulere, ndi bandulo yogula yekha. Sindikunena kuti tizikhala chete tikaona chipongwe. Za ku Njewa zinaululika chifukwa anthu anakana kukhala chete, koma chimene chinafikitsa munthu kukhoti ndi atolankhani amene anapita kumudziko kukafunsa makolo. Tingathe kutchula kampani, kufotokoza chimene yachita, kuiimbira foni ndi kukagula kwina, popanda kufalitsanso nkhope ya munthu amene wachitidwa chipongwe.

Kwa amene watsimikiza mtima kuti nkhani yake ndi yoona ndipo ndi yoyenera kuputira mkangano, ndili ndi pempho losavuta. Kanemayo asanatuluke, muonetseni kwa mtsikana wa pa kauntala ndi kwa mlonda, chifukwa okwiya akabwera adzayambira pa iwo, ndipo akakana muwamvere. Aliyense wooneka m'kanemamo aone kanema womalizidwa, osati kungouzidwa kuti tikujambula kanthu kosangalatsa, ndipo alipidwe molingana ndi chimene akuika pachiswe. Ana, odwala ndi aliyense amene sangamvetse kumene kanemayo akafike asalowemo. Ndipo mawu oputa mkanganowo muwalankhule nokha, bwana, nkhope yanu ili pa kamera ndi dzina lanu pansi pake. Amene akukana kuonekera yekha koma akufuna kulemba ganyu mwana wa mnzake kuti aonekere, akudziwa kale kuti kanemayo avulaza munthu.